Likangala wadwala, nanga nsembe athire ndani?

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, palibe ntchito yosakhudza madzi. Asodzi amakankha mabwato m'bandakucha kulowera kuzimbowera, tinyumba tija toyandama timene amamanga pakati pa njedza. Amayi amatsuka matemba n'kuwayanika pathandala, ena akukolezera moto wowambira milamba ndi makumba. Msilamu amatawaza asanaswali. Lamulungu lina mumamva nyimbo kumtsinje, mpingo ukubatiza anthu ake powamiza. Onsewa amakhulupirira kuti madzi amayeretsa, ndipo ndi ochepa amene amafunsa kuti madziwo akada, owayeretsa ndani.

Funsoli ndi lolemera ku Chilwa kuposa kwina chifukwa nyanjayi ilibe potulukira. Nyanja ya Malawi imatsanulira madzi ake mu Shire, koma chimene mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe yabweretsa ku Chilwa chimakhala momwemo. Dzuwa limachotsa madzi okha, mchere ndi zonyansa n'kutsalira.

Likangala amayambira paphiri la Zomba ali woyera. Akamadutsa mumzinda wa Zomba amalandira madzi a m'zimbudzi, zinyalala za kumsika, majumbo apulasitiki ndiponso dothi lokokoloka m'madimba olimidwa mpaka m'gombe ndi m'malo okumbidwa mchenga. Kumunsi amathirira mpunga wa pa sikimu ya Likangala, kenako n'kulowa m'nyanja. Ofufuza amene akhala akuyeza madzi a mtsinjewu amapezamo tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu, makamaka ukangodutsa mumzinda. Mayi wa m'dera la mfumu yaikulu Mwambo amene akuchapa kapena kutunga kumunsiko sanaonepo zotsatira za kafukufukuyo, koma amaona mtundu wa madzi ndipo amamva fungo lake.

Nyanja itauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mawu akuti mizimu yakwiya sanasowe pakamwa pa akuluakulu. Ophunzira amaseka, amati ndi mvula yochepa ndi kutha kwa mitengo. Alaliki ena amakalipa, amati nsembe ndi kupembedza mafano. Onse awiri akufulumira, pakuti sanayang'anitsitse momwe makolo ankathirira nsembe.

Mvula ikakana kapena mliri ukagwa, anthu sankangotenga ufa n'kuthamangira pamtengo wa mpoza. Ankayamba aombeza ula kuti adziwe chimene chalakwika, ndipo kawirikawiri cholakwacho chinkapezeka pakati pa anthu omwewo: magazi okhetsedwa, mkangano wa mafumu, mwambo wolumphidwa, mtengo wodulidwa m'nkhalango ya kachisi. Wolakwa ankaulula n'kulipa. Mudzi unkadika, mabanja osagonera limodzi masiku amenewo. Zonsezi zikatheka, m'pamene ankathira ufa ndi mowa, akuomba m'manja mopepesa. Nsembe inali mapeto a mlandu woweruzidwa kale. N'chifukwa chake nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, idakali chiimire pamene malo ozungulira anasanduka minda: ulemu wa pamalopo unadza pamodzi ndi lamulo loletsa nkhwangwa.

Chitsanzo chamoyo chili pachilumba cha Mbenje ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mfumu Makanjira imatseka usodzi pachilumbachi mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo, ndipo potsegulapo pamakhala mwambo wopempha mizimu. Mowa ndi juga n'zoletsedwa kumeneko, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje ukutchukabe mpaka lero. Wina anganene kuti mizimu ndiyo ikusunga nsomba, wina n'kunena kuti ndi miyezi yoswana ija imene makoka salowa m'madzi. Kwa asodzi a kumeneko ziwirizi n'chinthu chimodzi, ndipo m'menemo ndimo muli mphamvu ya mwambowo.

Ku Chilwa nakonso zofanana nazo zinachitikapo. Mu 1995, nyanja itasanduka fumbi, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje. Mafumu pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nsomba anakhazikitsa makomiti oletsa anthu kuthira katupe m'maiwemo, kuti madzi akadzabwerera mbewu ya nsomba idzapezeke. Kumeneko kunali kuchiza nyanja ndithu, ngakhale kuti panalibe ng'oma.

Koma Likangala ndi wovuta kuposa Mbenje. Chilumba chili ndi mwini mmodzi, pamene mtsinje umadutsa m'manja mwa khonsolo ya mzinda, eni minda ikuluikulu ndi mafumu angapo. Wodetsa madzi ali kumtunda, womwa ali kumunsi, ndipo awiriwa sadziwana n'komwe. Ngati anthu a m'mbali mwa nyanja ndiwo adzagwade okha kupepesa, mwambowo udzakhala wopotoka, chifukwa pabwalo la makolo wopepesa anali wolakwa. Nawonso a kunyanja ali ndi gawo lawo loulula. Kuzimbowera kulibe zimbudzi, madzi omwewo ndiwo akumwa, ndipo kolera wakhala akubwerabwera kumeneko mpaka asodzi anapatsidwa katemera wakumwa mu 2016. Mliri wa 2022 ndi 2023, umene unayambira m'boma la Machinga loyandikana ndi Zomba, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kachilombo ka kolera sikathawa ufa wa nsembe.

Kulemekeza mtsinje pakokha kungathenso kugonetsa anthu tulo. Ku India anthu mamiliyoni amasamba mu Ganges pofuna kuyeretsedwa, komabe mtsinjewo ndi umodzi mwa yoipitsidwa kwambiri, ndipo ena mwa opembedza amati mtsinje wopatulika sungade. Amaori a ku New Zealand anatenga njira ina. Iwo amaona mtsinje wa Whanganui ngati kholo lawo, ndipo analimbikira mpaka mu 2017 nyumba ya malamulo inaupatsa ufulu ngati wa munthu, ndi anthu ouyankhulira.

Zomba ili ndi zonse zofunika. Chilwa analembedwa m'pangano la Ramsar la madambo ofunika padziko lonse. Khoti lalikulu la apilo linavomereza mu 2019 lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala. Akatolika ali ndi kalata ya Papa Francis ya 2015, Laudato si', yonena za kusamala chilengedwe, ndipo Asilamu amadziwa kuti madzi amene asintha mtundu, fungo kapena kakomedwe chifukwa cha zonyansa satawazira.

Choncho amene akufuna kupempherera Likangala, kaya ndi mafumu, mashehe kapena abusa, asayambire kunyanja. Ayambire pamlatho wa mumzinda, atenge akuluakulu a khonsolo ndi eni mipope yotayira zonyansa, atsike nawo ndi mtsinjewo wapansi mpaka kumatsiriro, ndipo aliyense atchule poyera chimene amatayamo ndi tsiku limene adzaleke.