Musanakweze mlendo m'bwato la ku Elephant Marsh

Ana anga a ku Nchalo, Ngabu, Bangula, Makhanga ndi tsidya lonse la kum'mawa kwa Shire, ndamva kuti ena mwa inu mwayamba kuperekeza alendo odzaona malo, ndipo ena ntchito imeneyi ikukudyetsani mutu. Ndi ntchito yabwino ndipo sindikukuletsani. Koma takhalani pansi kaye. Mlendo amaona zokhazo zimene mwini dera akuzidziwa, ndipo ambiri a inu chigwa chino mumachidziwa ngati malo otentha, osefukira madzi, oyenera kuthawamo munthu akangolemba mayeso a Fomu 4. Munthu wotere angamuonetse chiyani mlendo?

Onani mmene alendo amayendera. Amatsika zitunda za Thabwa mabuleki akununkha, n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa, n'kukhotera ku Majete. Akagona masiku awiri abwerera ku Blantyre n'kumakanena kuti aona Lower Shire. Sanaione. Mlandu si wawo, palibe anawauza kuti kumunsiku kuli dambo limene m'chilimwe limakula masikweya kilomita pafupifupi 500, koma madzi akadzaza limatambasuka mpaka kupitirira 2,000. Mu 2017 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, lachiwiri m'Malawi muno kutsatira nyanja ya Chilwa imene inalowamo mu 1997.

Funso loyamba limene mlendo adzakufunseni ndikulidziwa kale: njovuzo zili kuti? Musachite manyazi, ndipo musayerekeze kunama kuti zapita kukadya kutsidya. Muuzeni zoona. Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert, ndipo anati anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo lino. Dzina la Chingerezi linachokera pamenepo, ngakhale makolo athu ankati Dabanyi. Mfuti za osaka minyanga zinatsatira pambuyo pake. Boma la atsamunda linalengeza dambo lino kukhala malo otetezedwa a nyama mu 1897, limodzi mwa malo oyambirira otere m'dziko muno, koma mbalame inali itauluka kale, ndipo sipanapite zaka zambiri njovu zinatheratu. Ku Majete nkhani yomweyi inadzabwerezeka masiku athu ano: pofika 1992 njovu zinali zitatha ndi opha nyama mozembera. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2003, n'kubweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Tsono njovu imene mlendo aijambule ku Majete inachita kubwera pa lole, kapena inabadwa kwa zimene zinabwera pa lole. Mukamufotokozera zimenezi sadzakhumudwa, m'malo mwake adzayamba kukumvetserani.

Za dambo lenilenilo ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene achinyamata mumalakwitsa. Mumafuna kuthamanga. Dambo siliyendedwa mothamanga. Alendo ambiri amakwerera bwato tsidya la kum'mawa, cha kwa Mchacha James, atadzera msewu wa Thabwa, Masenjere ndi Fatima. Fikani kudakali chisisira, dzuwa lisanakwiye. Bwato lake n'losema, mlendo amakhala pansi penipeni, miyendo italozetsa kutsogolo, timadzi tikunyowetsa thalauza. Mwini bwato amaima kumbuyo ndi mtengo wautali wokankhira, nkhafi ataigoneka pambali kudikira pozama. Poyamba mumadutsa m'kanjira kopapatiza, bango ndi gumbwa zikukwecha mapewa mbali zonse, namasupuni atatseka kutsogolo moti woyendetsa amachita kumukankhira pambali ndi mtengo uja. Kenako mwadzidzidzi kumayera, thamanda lalikulu lodzaza maluwa oyera ndi obiriwira. Pamenepo tsekani pakamwa. Musiyeni mlendo aone yekha kambalame ka zala zazitali kakuyenda pamwamba pa masamba osamira, akakowa atayera pa bango, atsekwe akudzuka ndi phokoso, nkhwazi ikulira mutu itaugadamitsa. Mukachita mwayi mudzaona mbalame ya mlomo wofiira imene imauluka chapansipansi ikung'amba madzi ndi mlomo wake wam'munsi. Alipo anthu amene amakwera ndege kuchokera ku Ulaya chifukwa cha mbalame imodzi yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosadekha woyamba m'bwato nthawi zambiri amakhala woperekeza, osati mlendo.

Mwini bwato ndi atate anu. Kaya sanapite kusukulu, kaya Chingerezi sachimva, m'madzimo mphunzitsi ndi iyeyo. Amadziwa thamanda limene muli mvuu ya kamwana, amadziwa pogona ng'ona, amaona mphepo isanafike. Akati apa sitidutsa, musamukakamize chifukwa mlendo akufuna chithunzi. Mvuu imagubuduza bwato ngati chipanda chopanda kanthu, ndipo ng'ona za mu Shire zalowetsa maliro m'midzi yambiri. Dzanja la mlendo lisalendewere m'madzi. Za ndalama mugwirizane muli pamtunda, mwini bwato akumva, ndipo gawo lake mum'patse lonse pamaso pa anthu. Mnyamata wodyera mkulu masuku pamutu chifukwa choti iye ndiye akulankhula ndi mzungu sakhalitsa pa doko.

Kumbukiraninso kuti dambo ili si nkhalango ya mpanda ngati Majete kapena Lengwe. Ndi nkhokwe ya anthu. Madzi akamaphwa, mabanja amatsikira ku dimba kukabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, ndipo chaka chimene mapira ndi mchewere zapsa ndi dzuwa kumtunda, dimba ndilo limapulumutsa mudzi. Asodzi amatchera miono ndi maukonde, milamba ndi mphende n'kumawambidwa pa utsi m'mphepete mwa madzi. Ndipo pali nyika. Inu mukuidziwa, koma mlendo saidziwa: timibulu takuda tokhakhala timene timamera m'matope pansi pa maluwa aja amene mlendo akuwasirira. Njala ikavuta, amayi amalowa m'madzi ofika m'khosi, kufufuza ndi mapazi, kumira n'kuzula, ng'ona zili momwemo. Akafika kunyumba amaphika n'kusenda, kapena kuyanika n'kusinja ufa. Mlendo akaona mayi atasenza beseni la nyika, dzanja limathamangira ku kamera. Muletseni mwaulemu mpaka mayiyo atafunsidwa ndi kuvomera. Mayi ameneyo ndi mayi anu, ndipo njala yake si chionetsero.

Mukatuluka m'dambo mutengereni mlendo ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Lero wongodutsa sangaganize kuti pamenepa panali khomo la dziko lino. Sitima zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkakocheza pano, ndipo katundu ndi makalata zinkalowera pano. Chakumapeto kwa 1889 asilikali a Chipwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'dera lomweli. Mu Januwale 1890 boma la Britain linaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo n'chifukwa chake Ruo ndi malire lero: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique, ngakhale anthu ake ndi amodzi, amakwatirana ndi kuikana maliro. Shire ataphwa, sitima zinayamba kulephera kufika pa Chiromo, motero njanji inatsikira ku Port Herald, imene ndi Nsanje ya lero, ndipo mu 1908 inalumikiza dokolo ndi Blantyre. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, sitima ya pamtunda n'kumafika ku Beira osadukiza. Ndiye mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pa Mtayamoyo, ndipo anthu anabwerera ku bwato la makolo, njinga ndi matumba a chimanga zitasanjikizana pakati. Mu Januwale 2015 madzi anazinga Makhanga, kenako kunabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Madzi saiwala khwawa. Mukafika pa Nsanje muonetseninso doko limene pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mu Okutobala 2010, lomwe mpaka lero likudikira sitima zake. Musaseke, ndipo musalowetsepo ndale. Ingonenani zimene zinachitika, mlendo ali ndi mutu wake.

Pafupi ndi mathiriro a Ruo pomwepo m'pamene anafera Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA ya ku Magomero, pa 31 Januwale 1862. Bwato lake linagubuduzika mu Shire, mankhwala a malungo n'kupita ndi madzi, ndipo malungo atam'gwira panalibe chom'patsa. Inu mankhwala ndi foni za mlendo muzizimanga m'jumbo musanakwere, ndipo usiku agone mu neti. Kumtunda cha ku Chikwawa kuli manda a anzake, Henry Scudamore ndi John Dickinson, amene anamwalira mu 1863. Kufupi ndi mathithi a Kapichira, pamene sitima za Livingstone zinkalekezera chifukwa cha miyala, pansi pa mlambe pagona Richard Thornton, katswiri wa miyala, amene anamwalira mu Epulo 1863 ali ndi zaka 25 zokha, msinkhu wanu womwewu.

Manda amenewa aonetseni, ndi mbiri ndithu. Koma chimandiwawa n'chakuti mabuku a alendo amathera pomwepo, ngati kuti chigwa chino chinayamba tsiku limene mzungu anadwala malungo. Livingstone anapeza anthu akulima thonje, kuwomba nsalu ndi kusula makasu. Anapeza Tengani ali ndi anthu ake a mauta m'mbali mwa mtsinje, anapeza Chibisa. Ufumu wa Lundu wa Amang'anja unalipo zaka mazana iye asanabadwe, ndipo ulipobe ku Mbewe. Mayina a Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima, amene mumawatchula tsiku ndi tsiku polemba keyala, ndi a Amakololo amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, n'kutsala kuno, n'kusanduka mafumu. Asena anakwera kuchokera ku Zambezi ndi ulimba wawo ndi utse. Kodi zimenezi mungazifotokoze osadodoma?

Ndipo pali Khulubvi, kufupi ndi boma la Nsanje, kachisi wa Mbona. Akuluakulu amasimba kuti Mbona anali wodziwa kuitana mvula, adani ake anam'pha pa Ndione, ndipo mutu wake unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi. Kwa zaka mazana ambiri mafumu a m'chigwa ndi akutali ankatumiza mitulo kumeneko chilala chikavuta. Mu 2011 malowa analembedwa pa mndandanda wa malo amene dziko la Malawi likufuna kuti UNESCO iwazindikire. Apa mverani bwino, ana anga. Ku Khulubvi sikulowedwa ngati kumsika. Mumayamba mwapita kwa eni ake, osunga kachisi ndi mafumu, kukapempha. Akalola, adzakuuzani zovala zoyenera, adzakuvulitsani nsapato, adzakuuzani polekezera ndi zosayenera kujambula. Akakana, mwabwerera, ndipo mlendo mumuuze kuti kukanako ndi mbali ya zimene wabwera kudzaphunzira. Kaya inu ndi wa mpingo wanji, sindikukuuzani kuti mukapembedze. Ndikuti mukaone mitengo. Kunja konse nkhwangwa ndi makala zameta mapiri, koma m'nkhalango imeneyo mtengo sudulidwa, ndipo mpanda wa waya kulibe.

Lengwe ndi Mwabvi sindinenapo zambiri, kuli ogwira ntchito za nkhalango amene angakuphunzitseni kuposa ine. Ingodziwani kuti mlendo wofuna kuona nyala mum'tengere ku Lengwe m'chilimwe, akabisale pafupi ndi dziwe m'mamawa. Miyezi yabwino kuyenda ndi munthu wosazolowera chigwa ndi ya Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mlendo wokomoka ndi dzuwa ndi mlandu wanu.

Zonse ndakuuzanizi ndi zapamwamba chabe. Mwana wa m'chigwa mommuno, katswiri wa mbiri Elias Mandala, anayenda m'midzi ino akufunsa nkhalamba, ndipo mu 1990 anatulutsa buku la mbiri ya chigwa chino cha Shire, chimene iye anachilemba kuti Tchiri, kuyambira 1859 mpaka 1960. Amene mumawerenga Chingerezi lifunefuneni. Koma nkhalamba zina zilipobe, zimene zinakwera sitima kuchokera pa Chiromo kupita ku Limbe, zimene zinaona fakitale ya shuga ikuyamba pa Nchalo mu 1966, zimene zimadziwa pamene Shire ankadutsa asanasinthe njira. Gulani kope la masamba ambiri ndi bolopeni. Pitani madzulo dzuwa litapepa, mutanyamula kapaketi ka shuga kapena mchere, mukhale pansi, mulonjere bwinobwino, ndipo foni ikhale m'thumba. Muyambe ndi agogo a m'mudzi mwanu sabata ino, ndipo funso loyamba likhale la chaka chimene madzi anafika pakhomo pawo koyamba.