Mvula ikakuona litsiro sikata

Akuluakulu amati mvula ikakuona litsiro sikata. Amatanthauza kuti mavuto akapeza munthu ali kale pamoto, amangobwera motsatizana. Anthu a mumzinda wa Sana'a ku Yemen adaziona zimenezi mu 2017.

Nkhondo ya m'dzikolo idali itakula kuyambira mu Malichi 2015. Mabomba adaswa mapaipi, magetsi adazima, ndipo mafuta oyendetsera makina opopa madzi ndi oyeretsa zonyansa za m'zimbudzi adasowa. Otola zinyalala, atakhala miyezi yambiri osalandira malipiro, adanyanyala ntchito. Milu ya zinyalala idaolera m'misewu ndi pamakomo a anthu. Kenaka kudagwa mvula yeniyeni, n'kukokolera nyansizo m'malo otungapo madzi akumwa.

Kolera idabuka mwamphamvu mu Epulo 2017. Pofika Disembala, oganiziridwa kuti adadwala m'dziko lonselo adapitirira 1 miliyoni, ndipo oposa 2,200 adamwalira. Chowawa n'chakuti odwala ambiri amachira ndi madzi a mchere ndi shuga chabe, koma zipatala pafupifupi theka sizinkagwira ntchito mokwanira.

Mbali zonse zomenyana pa nkhondoyo zili ndi mlandu pa imfa zimenezi.