Tinaombera m'manja mphepo, nanga chimanga chija?

Abale anga a m'gululi, sabata ino ndili ndi funso: kodi ndi bwino kusangalala ndi filimu ya njala yomwe inapha anthu athu?

Ndikunena za The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, yomwe Chiwetel Ejiofor anaitulutsa mu 2019. Ambiri mwa inu munaionera pafoni muli nokha. Koma amene munaionera pa sikirini yaikulu, muli khamu, magetsi atazimitsidwa, mukudziwa kuti kumeneko n'kwina. Kuno ku Nathenje tinaionera mu vidiyo sho, titapanikizana pamabenchi. Poyamba anthu ankaseka Chichewa chopindika cha Ejiofor, kumubwereza mawu. Galu wa William atafa ndi njala, phwete linatha. Pomaliza, makina a mphepo aja atazungulira, madzi n'kuyamba kuyenda m'munda, nyumba yonse inaombera m'manja, amayi ena akupukuta misozi ndi chitenje.

Kukoma kwake sindikukana. Mwana wathu, wothamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, kuphwasula njinga ya bambo ake n'kupanga chinthu chomwe dziko lonse lapansi likuchionera! Ndani sanganyadire?

Koma taganizani zomwe tinali kuombera m'manja. Njala ya 2001 mpaka 2002 siinabwere ndi mvula yokha ayi. Boma linali ndi chimanga m'nkhokwe zake, matani oposa 150,000, ndipo chinagulitsidwa pafupifupi chonse njala isanafike pachimake. Boma linati a IMF ndiwo analangiza. A IMF anati iwo sananene kuti mugulitse chonse. Pamene akuluakuluwo ankalozana zala, anthu ankagona pamzere ku ADMARC n'kubwerako ndi thumba lopanda kanthu. Pulezidenti Bakili Muluzi anadzalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya gaga ndi mizu ya nthochi. Inu amene muli a msinkhu wanga munali ana, koma fungo la phala la gaga simunaliiwale, ndikudziwa.

Filimuyo siinabise zonsezi, ndiiyamikire pamenepo. Muli malo ena pamene mfumu ikuimirira pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko, n'kunena poyera kuti anthu ake akufuna chimanga. Anyamata akuitsitsa pansanja, kuikokera kuseri, kuimenya. Pamenepo palibe anaombera m'manja. Tinangoti zii, kudikira kuti chithunzi chisinthe. Ndipo chinasinthadi, chifukwa wopanga filimu amadziwa kuti munthu walipira khomo sangamutulutse ali ndi mkwiyo. Amayenera kumupatsa kanthu kotsekemera kopita nako kunyumba.

Kanthu kotsekemerako n'komwe kakundivuta. Pa moyo weniweni, makina oyamba a William anayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo. Zopopa madzi zinadzabwera pambuyo, njala ija itadutsa. Filimuyo inafupikitsa zaka kuti madzi afike nthawi yomwe mtima wa woonera ukuwafuna. Mudzati ndiye filimu imeneyo, si buku la mbiri. Zoona. Koma tuluka m'chipindamo munthu amatuluka ndi maganizo oti njala inathetsedwa ndi nzeru za mnyamata mmodzi, ndipo amene anafa, kaya, mwina analibe njinga yophwasula. Ogulitsa nkhokwe aja filimu yotere siiwaopsa. Akhoza kukhala nanu benchi limodzi, kulira nanu limodzi, eti.

Ndipo tisaloze a ndale okha. Ife a pamsika njala timaidziwa mbali ina. Chimanga chikasowa, mtengo wa ndowa umakwera, ndipo wokweza si mzukwa, ndi munthu yemwe mumapemphera naye. Kuyambira ku Mitundu mpaka kuno, aliyense amadziwa kuti wogula mu Meyi n'kusunga mpaka Januwale ndiye amamanga nyumba ya malata. Ena amati ndiwo bizinesi, ndipo popanda wosungayo Januwale sipangakhale chogula n'komwe. Pamenepo pali choonadi. Komabe ndimadabwa kuona munthu yemweyo akulira misozi yeniyeni chifukwa cha banja la mu filimu lomwe likudya kamodzi patsiku, mawa lake n'kumubweza mayi amene waperewera K200.

Ndiye misoziyo ndi yabodza? Ine ndikuti ayi. Munthu akalira mumdima, palibe womuona, samanamiza aliyense. Vuto lake ndi loti misozi imapepuza. Ukalira umamva ngati walipira ngongole, pamene sunapereke ngakhale tambala. Mkwiyo ndiwo umalemera, umakutsatira mpaka tsiku lovota, ndipo n'chifukwa chake mafilimu a anthu otchuka amakonda kutisiyira misozi osati mkwiyo. Ngakhale ya Mandela ija ya 2013 imathera pa chisangalalo cha 1994. Za Marikana, komwe apolisi anawombera ogwira ntchito mumgodi 34 mu 2012, sizikanalowamo, filimu ikanawawa.

Sindikukuuzani kuti musaonere. Onerani ndithu, tengani ndi ana, aone kuti Mmalawi anapanga magetsi ndi zinyalala. Koma pobwerera kunyumba, mwana akakufunsani kuti mfumu ija anaimenyeranji, musamuuze kuti ndi za mu filimu chabe. Amene anali wamkulu mu 2002 ali pafupi, mwina ndi agogo ake omwe. Akafunse kuti ku ADMARC ankadzukira nthawi yanji.