Mlonda wa Nkhokwe

Kunja kukucha kumene, tambala walira kachiwiri, ndipo mwina madzi a tiyi ali pamoto.

M'mawa uno maganizo anga ali pa mphaka. Makolo athu ankamuweta chifukwa usiku wonse ankalondera nkhokwe, makoswe osayandikira chimanga. Lero enafe timamugenda, ati ndi chiweto cha afiti, ndipo tiana take timakataya kudzala tisanaphenye n'komwe.

Ku Lilongwe, bungwe la LSPCA limalandira nyama zotayidwa chonchi. Limazipatsa mankhwala, kuzibaya katemera wa chiwewe ndi kuzipezera khomo latsopano. Mphaka amakhala ndi bere miyezi iwiri yokha, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amachita opaleshoni kuti amphaka asaswane mopyola muyeso.

Paja mutu umodzi susenza denga. Anthu ongodzipereka ndiwo amapepuza ntchitoyi. Wina amatsuka mbale, wina amasesa m'makola, wina amangokhala phee pafupi ndi kamphaka kamantha mpaka katayambanso kukhulupirira munthu.

Ngati Loweruka likudzali muli ndi kampata, kapena bulangete lomwe simukufundanso, kumbukirani alonda aang'onowa. Chifundo chimayambira pa zazing'ono.

Tsiku labwino nonse.