Kodi Wopukwa Kwawo Amalakwa Akadandaula?

Midzi ya kunyanja kuno, kuyambira ku Nkhudzi mpaka ku Makanjira, ili ndi ana ake ku Joni. Madandaulo awo timawadziwa: chisanu cha mwezi wa June, nsomba za m'firiji zosafika pa chambo, anthu odutsana osapatsana moni. Ena a ife timamva chisoni, ena timangoti walira mvula walira matope. Kodi munthu amene anachoka kwawo mwa kufuna kwake, napeza chakudya m'dziko la eni, ali ndi ufulu wodandaula za dzikolo?

Kupukwa sikusankha mtundu kapena thumba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, boma la Australia linaitana anthu a ku Mangalande kuti akakhale kumeneko, wamkulu akulipira mapaundi khumi okha pa ulendo wonse. Anapita oposa miliyoni imodzi, ku dziko lolankhula chinenero chawo chomwe. Komabe ambiri anadandaula za kutentha, nyumba zofikira ndi zakudya, mpaka eni dziko anawatcha "whingeing Poms", kutanthauza Angerezi ongokhalira kung'ung'udza. Ena anabwerera kwawo, napeza kuti sikunali monga ankakukumbukira, nakweranso sitima kubwerera ku Australia.

Kwathu kuno zizindikiro za mtima womwewo zilipo. Mu 1876 amishoni a ku Scotland anatcha malo awo Blantyre, dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho, pali nsanja ya wotchi ya mu 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria. Ngakhale munthu wamphamvu m'dziko la eni amafuna kuona kanthu ka kwawo.

Mbiri ya Hijra ya mu 622 imatipatsa muyeso wabwino. Atafika ku Madina, Abu Bakr ndi Bilal, Allah asangalale nawo, anagwidwa ndi malungo. Ali chigonere, Bilal ankalakalaka zigwa, udzu ndi mapiri a ku Makka, Makka yomweyo imene anazunzidwirako pa mchenga wotentha, mwala uli pachifuwa. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, atamva zimenezi sanawadzudzule kuti ndi osayamika. Anapempha Allah kuti awakondetse Madina monga ankakondera Makka, kapena koposa, ndi kuti achotsemo malungowo. Sanapemphe kuti aiwale kwawo. Anapempha kuti mitima ikule, ikwanemo malo awiri.

Apa tiyenera kusiyanitsa zinthu zitatu zimene pakamwa zimamveka ngati chimodzi.

Choyamba ndi kupukwa. Mnyamata wa ku Nkhudzi akamatchula fungo la usipa pa thandala, mwera wowinduka m'mawa, kapena mawu a muadhini wa mzikiti wa kwawo, akungowerenga zimene amazikonda. Sakulakwira munthu. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Chachiwiri ndi kudandaula pa chisalungamo. Mu 2008 ndi mu 2015 alendo anamenyedwa ndi kulandidwa katundu ku South Africa, ndipo mabasi anabweza Amalawi ambiri, ena mwa iwo ana a boma lathu lino. Munthu wobedwa malipiro chifukwa alibe mapepala, kapena wogona ndi mantha, akalankhula sakung'ung'udza ayi. Kupirira sikutanthauza kutcha choipa chabwino.

Chachitatu ndi kunyoza, ndipo apa ndi pamene pali tchimo. Wonyoza saona cholakwa china m'dziko la eni koposa chakuti si kwawo. Chakudya chawo nchoipa, ulemu wawo ngwachabe, ana awo ngosaleredwa. Amadya m'mbale ya mwini nyumba uku akuitukwana. Munthu wotere tingamuzindikire pa chinthu chimodzi: akabwera kumudzi amayambanso kunyoza kuno. Msewu ndi wafumbi, magetsi akuzimazima, ku Joni sizichitika zotere. Kwawo kumene amakutamanda ali kutali sikupezeka pa mapu alionse, chifukwa mtima unasefa zowawa zonse nusunga zokoma zokha. Waiwala njala ya mwezi wa February, ukonde wobwera wopanda kanthu, ndi ngongole zimene zinamukweza basi.

Muyeso wake ndi wosavuta. Dandaulo loyenera limatchula bala lenileni, ndipo limasiyira malo kuthokoza. Wodandaulayo angathe kutchulanso mwini sitolo amene anamulemba ntchito, kapena mzikiti wa ku Durban umene unamupatsa futari m'mwezi wa Ramadhan. Amene sangatchule chabwino ngakhale chimodzi cha dziko limene lamudyetsa zaka zisanu, vuto lake silili m'dzikolo.

Koma mlandu waukulu uli kwa ife otsala. Kawirikawiri mwana akayamba kunena za kusungulumwa, timamudula mawu ndi nkhani ya malata, fizi ndi feteleza. Timafuna ndalama zake, koma misozi yake sitiifuna. Akaona kuti kwawo kulibe khutu, amaphunzira kutumiza zithunzi za zovala zatsopano, chisoni nachimeza. Kenaka mafoni amachepa, ndipo tsiku lina timadabwa kuti watchona. Si matchona onse amene anakopeka ndi tauni. Ena anachita manyazi kubwerera manja ali m'thumba, ena anatopa kuyesedwa nkhokwe chabe.

Tiwalole ana athu apukwe, ndipo tiwamvetsere mpaka amalize. Akalakwiridwa, tiime nawo. Akayamba kunyoza anthu amene akuwasunga, tiwakumbutse mofatsa kuti mlendo ali ndi udindo kwa mwini mudzi. Tikatero tidzakhala ndi nkhope yofunsa ulemu womwewo kwa alendo okhala m'nyumba za m'mbali mwa nyanja yathu, pamene nawonso adandaula za kutentha kwa October ndi udzudzu wa ku Nkhudzi.