Kabuku ka m'pepala la shuga ndi makompyuta a eni ake

Mayi akamapita kusikelo, kabuku ka mwana amakakulunga m'pepala la shuga kuopa mvula. Amadziwa kuti kakangonyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, mbiri yonse ya mwanayo yapita: akatemera amene analandira, kulemera kwake mwezi ndi mwezi, malungo amene anamugoneka chaka chatha. Namwino naye amakopera zomwezo m'mabuku akuluakulu a kaundula, ndipo mwezi ukamatha amawerengetsera mzere ndi mzere, maso atafiira, kuti lipoti lipite kwa DHO, mkulu wa zaumoyo m'bomalo.

Kumeneko manambalawo amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yapakompyuta imene Malawi ndi mayiko ena oposa 70 amasungiramo ziwerengero za umoyo. Inachokera ku ntchito imene akatswiri a ku South Africa anayamba ndi anzawo a ku yunivesite ya Oslo tsankho litangotha, ndipo mtundu wake wachiwiriwu unayamba kugwira ntchito ku Kerala, m'dziko la India, mu 2006. Siigulidwa. Dziko lililonse limangoitenga n'kuikonza mogwirizana ndi zipatala zake.

Luso nalo si lachilendo kuno. Mu 2001 bungwe la Baobab linali litaika kale makompyuta ongodina ndi chala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ambiri asanaonepo n'komwe foni yotero.

Chimene chimasowa ndi mwini. Makina ambiri anabwera ndi ndalama za abwenzi akunja, aliyense akulondola matenda ake. N'chifukwa chake munthu amatha kupeza kompyuta ndi kamakina kodinda timapepala ta manambala kuchipinda cholandirira ma ARV, koma akatuluka n'kulowa khomo lotsatira, kumene mzere wa odwala chifuwa ndi malungo wafika panja, amapeza dokotala akulemba ndi bolopeni. Wodwala ndi mmodzi yemweyo, koma mbiri yake yamwazikana m'malo atatu osadziwana.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero akuluakulu. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, mayiko ambiri anadzidzimuka kuona kuti amisiri osamala makinawo, ngakhalenso intaneti yowalumikiza, ankalipiridwa ndi alendo. Mayina a odwala ndi a dziko, koma kiyi wa nkhokwe anali m'thumba la wina.

Ena anganene kuti dziko losowa mankhwala lisataye ndalama pa makompyuta. Mfundoyi ndi yomveka, kungoti mankhwala amatha pachipatala china pamene kwina akuwonongeka m'makatoni chifukwa palibe amene anaona manambala msanga.

Aphungu akamakambirana bajeti ya Unduna wa Zaumoyo afunse poyera kuti ndalama za magetsi a sola, intaneti ndi malipiro a amisiri a makinawa zili pa tsamba liti. Ngati palibe, aibweze.