Kodi kusowa ndi sukulu ya Mulungu?

M'timinda ta m'mphepete mwa phiri la Ndirande ndi la Soche, chimanga china chimapinimbira chikadali chaching'ono, masamba am'munsi atachita mtundu wa pepo. Kawirikawiri vuto limakhala mchere wa fosifolasi. M'dothi la katondo mcherewu umakhalamo ndithu, koma ayironi ndi aluminiyamu zimaugwira, ndipo suyenda ndi madzi. Muzu ukapanda kuufikira pomwe uli, mbewu imagona ndi njala.

Pansi pa nthaka mbewu sikhala chete. Mbewu zambiri zimachepetsa mizu yolowera pansi, n'kuchulukitsa timizu ta m'mbali ndi titsitsi take cha pamwamba, pomwe mcherewu umapezeka. Zimapangananso ubale ndi tibowa tosaoneka ndi maso: mbewu imapereka shuga, tibowato timabweretsa fosifolasi kuchokera komwe muzu sungafike. Nandolo, yemwe amalonda a ku Limbe amagula n'kutumiza ku India, ali ndi luso lakelake. Mu 1990 ofufuza a bungwe la zaulimi la ICRISAT anaonetsa kuti mizu yake imatulutsa asidi womasula fosifolasi wogwidwa ndi ayironi.

Alaliki ena a m'mabasi a pa Wenela amakonda kunena kuti mavuto ndi sukulu ya Mulungu, kuti munthu amaphunzira nzeru akasowa. Muzuwo ukuoneka ngati mboni yawo, pakuti chinthu chopanda ubongo chadziwa chochita chifukwa cha njala.

Koma nzeruyo ili ndi mtengo wake. Shuga amene wapita ku mizu ndi kwa tibowa wachotsedwa pa phesi ndi pa chitsononkho. Choopsa china n'chakuti Jonathan Lynch ndi anzake a ku yunivesite ya Penn State, pofufuza nyemba, anapeza kuti mizu yosazama imatola fosifolasi bwino koma imavutika madzi akasowa. Ng'amba ya mu Febuluwale ikafika, mbewu imene inachenjera ija ndiyo imayamba kufota.

Munthu wachikhulupiriro angathe kuyamika Mlengi chifukwa cha luso limeneli popanda kunena kuti njalayo ndi dalitso. Mayi wa ku Bangwe amene walephera kugula thumba la feteleza wokulitsa amadzala nandolo m'chimanga, amakwirira mapesi, amatuta manyowa a nkhuku, ndipo zonsezo n'zanzeru zenizeni. Komabe amakolola zochepa. Mpingo umene umatama kupirira kwake ufunsenso kuti thumba la makilogalamu 50 lakwera bwanji mtengo, ndiponso kuti miyala ya fosifeti ya ku Tundulu, m'boma la Phalombe, idzayamba liti kuthandiza minda ya alimi ang'onoang'ono.